Mapiritsi a amuna anga ali m'chitini cha mabatani

Aphungu,

Ine sukulu sindinapondeko, ndiye kalatayi akundilembera ndi atelala oyandikana nafe. Mundipirire, ndifotokoza pang'onopang'ono.

Amuna anga anali pulambala. Chaka chatha madokotala anawaika kachitsulo konga sipuling'i mumtsempha wa mtima kuti magazi azidutsa bwino. Pa mankhwala awo panali mapiritsi awiri oletsa magazi kuundana. Wowamwetsa ndine, iwo amangomeza osayang'ana.

Kenaka kamfuno anayamba. Pilo ndinkachapa m'mawa uliwonse. Akadzicheka pometa ndevu, magazi ake ngati tazinga nkhuku. Ndinaopa, ndiye piritsi limodzi ndinayamba kuliponya m'chitini cha mabatani. Mpaka lero sadziwa.

Tsopano akakwera masitepe asanu okha amagwira pachifuwa. Adokotala akuti pakachitsulo paja pachepanso, ndipo njira ndi ziwiri: kulowetsa kachitsulo kena m'kati mwa koyambako, kapena kukuzapo ndi kabaluni kopaka mankhwala n'kukatulutsa.

Mwana wathu anati, "Ababa, chitsulo ndiye cholimba." Iwo anati, "Iwe, paipi m'kati mwa paipi inzake? Wogwira ntchito yotero ndinkamuthamangitsa!" Anaseka onse.

Adokotala atafunsa ngati mankhwalawo anawavutapo, bambowa anati, "Ngakhale pang'ono." Amuna mukuwadziwa. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Njira adzasankha Lachinayi likubwerali. Kodi mtsemphawo ndinatseka ndine? Nanga ndikaulula, adzamwanso madzi ochokera m'manja mwanga?

N.T.

Mayi N.T.,

Munalakwitsa, koma munalakwitsa mukuchapa pilo, osati mukufuna maliro. Nthawi zambiri malo otere amachepa chifukwa mnofu wamera m'kachitsulomo. Ngati kusiya piritsi kunawonjezerapo, anene ndi adokotala, musadziweruze nokha.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chimene mwabisacho ndicho adokotala akuchifuna. Njira zonse ziwiri zimathandiza. Koma kachitsulo katsopano kawirikawiri kamafuna kuti munthu amwe mapiritsi awiriwo miyezi yambiri osadumphitsa, pomwe ndi kabaluni nthawiyo imatha kufupika. Kwa munthu wa kamfuno, imeneyo si nkhani yaing'ono. Adokotala akasankha osadziwa, mwawamanga nsalu kumaso.

Musadikire Lachinayi. Lero khalani pansi ndi bambowo, chitini chili patebulo. Akakalipa, akalipe, pulambala amadziwa kuti kudontha kobisika ndiko kumagwetsa khoma. Mawa pitani nawo kuchipatala, chitinicho m'manja. Mukanene kuti munayamba liti kusiya, ndiponso magazi ankatuluka motani. Mukafunse kuti pa njira iliyonse mapiritsi adzamwa mpaka liti, ndipo kamfuno akabwera mudzathamangire kwa yani.

Chenjerani: musasiye kapena kuwonjezera piritsi mwa nzeru zanu. Chifuwa chikawagwira ali chikhalire, thamangani nawo nthawi yomweyo. Bola mwamuna wokwiya amene akupuma, mayi. Chitinicho chibwerere ku mabatani.