Dzina la Bambo ndi Kanyongolotsi ka Pansi pa Nyanja

Qeqertarsuaq, 14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji, nanga bondo lija lasiya kuwawa? Ine ndili bwino, ndikutsukabe mabotolo kunyumba ya ofufuza za m'nyanja.

Lachiwiri lapitali ndimati nditaye matope amene anawavuula pansi pa madzi oundana, ndipo ndinaona kanthu koyera kakuyenda. Ndinachita manyazi, komabe ndinaitana mayi Solveig, abwana anga. Atakaika pa galasi lokulitsa zinthu anati kanyongolotsi aka sikanalembedwepo m'buku lililonse.

Nanenso ndinasuzumira. Ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga, kophwatalala ngati tsamba. Kali ndi timaso tiwiri, koma pakamwa pake pali pamimba. Akuti madzi akangofunda pang'ono kamafa. Ndimadzifunsa kuti kamadya chiyani mumdima muja, ndipo kamawapeza bwanji anzake.

Wophika wathu Aqqalu sakundipatsa mpata. Dzulo anati, "Iwe mwana wa Qillaq, bambo ako ankagwira anangumi. Aka tikaphike mumphika uti?"

Tsopano vuto langa ndi ili. Mayi Solveig anati popeza ndinakaona ndine, ndisankhe dzina. Ndisanaganize, ndinatchula dzina la malemu bambo. Mayi Solveig anasangalala nalilemba. Pambuyo pake ndinakumbukira kuti achemwali a Nivikka ndi oyembekezera, ndipo mwa mwambo wathu dzina la bambo likudikira mwanayo kuti bambo abwerere pakati pathu. Nditawafotokozera mayi Solveig, anati kwawo ndi ulemu chabe, dzina silichepa. Anawonjezera kuti likangosindikizidwa silisinthidwanso. Atumiza mapepala kumapeto kwa mwezi uno.

Pempho langa ndi lakuti mukambirane ndi achemwali, mundiyankhe sitima ya pamadzi yotsatira ikamabwera. Kodi dzina lingakhale mwa mwana ndi mwa kanyongolotsi nthawi imodzi? Sindikufuna kulanda mwanayo agogo ake. Mukakana sindidandaula, ndiwauza mayi Solveig alembe dzina langa. Ine ndili moyo, dzina langa palibe akulidikira.

Mundiperekere moni kwa achemwali, alamu anga a Jokum, ndi amalume. Muwauze achemwali asamanyamule zolemera.

Ndine mwana wanu wokukumbukirani,
Arnajaraq