Mphepo ya Kuseri kwa Phiri

Lachinayi madzulo, mwezi wa Julayi.

Ndatopa zedi. Thupi lonse likuyabwa ndi mankhusu a mapira, ntchito yake osatha.

M'mawa apongozi anandiuza kuti, "Mukauluzire pampata paja, pakati pa mapiri awiri." Ine ndinaona kutalika, madengu asanu ndi limodzi pamutu. Kwathu ku Nsanje n'kudambo, mwera umaomba mbali imodzi tsiku lonse, ndipo munthu umauluza paliponse pamene waima. Ndiye ndinangoyala mphasa kuseri kwa phiri, pafupi ndi nyumba.

Ndikakweza lichero, mphepo zii. Ndikayamba kuthira, imatsika m'phirimo mozungulira n'kundibwezera mankhusu kumaso ndi m'mapira omwe ndayeretsa kale. Mpaka masana, ngakhale dengu limodzi silinayere.

Apongozi atandipeza, sanakalipe. Anatapa mankhusu n'kuwaponya m'mwamba, ndipo mankhusuwo anazungulirazungulira n'kugwera pamapazi pawo pomwepo.

"Mwaona? Phiri limathyola mphepo, mwananga. Kuseri kuno imangosochera. Pampata imapanikizika, ndiye imathamanga njira imodzi."

Kenako anasenza dengu, ndi msana wawo wovuta uja, n'kuuyamba ulendo wa kumpata. Ndinawatsatira m'mbuyo manyazi atandigwira. Bola akanandilalatira. Panopa agona chafufumimba pakhonde, akuti palibe chikuwapweteka.

Kumpatako tauluza madengu awiri. Anayi atsala. Mawa ndilawira iwo asanadzuke, kuti asasenzenso.

Chaka chachiwiri ndili pabanja kuno kwa Chapananga, koma ngakhale mphepo yake sindinaidziwebe kolowera.