Alamu Anu Akuopa Ulendo wa ku Joni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Ife tilipo, koma alamu anu mtima suli m'malo. Lachisanu akunyamuka kupita ku Joni kuti akawachite opaleshoni yochepetsa chifu, paja adotolo anati thupi lakula kwambiri, mtima watopa.

Dzulo tili mu loja, sitolo yathu ija ya pa Cassacatiza, alamu anuwo anandipatsa makiyi onse. Anati, "Mayi a Rosa, akakandigoneka ine osadzukanso, musakandisiye kwa eni. Mudzanditenge."

Ndinawakalipira, koma nditazungulira kuseri ndinadzifunsa ndekha: Ine pasapoti ndilibe, ndingakawatenge bwanji?

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Ngati n'kotheka aperekezeni, kuti podzuka akaone nkhope yakwawo.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Esitere