Makuponi Opanda Feteleza

Njombwa, Kasungu
Okutobala 2009

Okondedwa achemwali a Fainess,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa likuswa mtengo ndipo mjigo wa pasukulu ukutulutsa madzi mwaulesi.

Munafunsa ngati ndazolowera. Ntchito ndazolowera, malo ayi. Kwathu ku Phalombe ukatuluka m'nyumba phiri limakuuza kumene wayang'ana. Kuno dziko ndi lathyathyathya, ndipo chigafa cha fodya chilichonse chimafanana ndi chinzake. Anthu ake ndi aulemu, amakupatsa moni wonse mpaka kufunsa za kunyumba, koma moniwo umathera pamsewu pomwepo. Chibwerereni, pakhomo panga pankafika mbuzi za ahedi zokha.

Ahediwo ataona kuti Loweruka ndimangokhala, anandipatsa ntchito yokonza mpikisano wa mapu wa ana a sitandade 7 ndi 8, a sukulu yathu ndi zoyandikana nazo. Masewera ake ndi otere: timazika timbendera m'malo obisika, mwana aliyense timamupatsa mapu ndi khadi, ndipo njira apeze yekha. Pa mbendera iliyonse pamakhala chidindo choti adinde pa khadi lake. Woyamba kubwerera ndi zidindo zonse ndiye wapambana. Kampasi yolozera kumpoto tili nayo imodzi yobwereka, ndipo ahedi amaisunga m'thumba ngati anabadwa nayo.

Mapu amene tinapeza kuofesi ndi akale, amaonetsa nkhalango pamene lero pali mizere ya fodya. Ndinayamba kujambula anga. Ndinkayenda m'minda ndi pepala ndi pensulo, kulemba pamene pali chulu, mjigo kapena dambo, ndi kupempha eni minda kuti ana adzadutsemo. Apa mpamene zinasokonekera. Inali nthawi yomwe anthu akudikira kulembedwa maina a makuponi a feteleza, ndipo ana atangoona makhadi aja anawatcha makuponi. Dzinalo linkafika m'midzi ine ndisanafike.

Achemwali, simunaonepo mlongo wanu akukondedwa chonchi. Amene ankandiitana kuti aphunzitsi anayamba kundiitana kuti bwana. Mayi wina, a Maliya, anandibweretsera mtedza n'kundiuza kuti ndaonda, akhala akundimvera chisoni kuyambira kale. Bambo wina ananditsata pa njinga mpaka kudambo kudzandiuza kuti chulu cha m'munda mwake n'chachikulu kuposa cha mnansi wake, ndisachiiwale polemba. Ndinkawauza mosabisa kuti ndi masewera a ana. Iwo ankangoseka, amvekere onse ogwira makuponi amayankhula choncho. Ndinakalengeza mpaka kutchalitchi, koma potuluka mkulu wina wampingo anandinong'oneza kuti ndachita bwino kubisa, anthu ndi ambiri.

Mwa onsewa munali a Amosi, tenanti wa pa esiteti ina ya kufupi ndi dambo. Atangondipatsa moni ndinamva lilime lakwathu. Kwawo ndi kwa Kalekeni, kuseri kwa msika wathu uja. Matenanti kuno salembedwa, amawauza kuti kwawo n'kwina, pamene kwawoko amawauza kuti anachoka. Akamaliza kuthirira nazale ya fodya ankabwera kwanga, n'kukhala pakhonde kumatchula anthu akwathu mmodzimmodzi, ndi kumaseka anthu akuno amene kalongonda, nyemba yakwathu ija, samudziwa n'komwe. Ankandinena kuti ndine Mlomwe wa choko, manja anga ngosalala ngati a khanda. Ine ndinkawabwezera kuti iwo ndi Mlomwe wolera fodya wa eni ngati mwana wawo. Iwowa ndinawauza kangapo, maso ndi maso, kuti ndilibe kuponi ngakhale imodzi. Ankangogwedeza mutu n'kunena kuti sakundikakamiza, dzina lawo ndikulidziwa kale.

Mpikisano unachitika Loweruka lapitali. Ndinazika mbendera m'mamawa, ndipo pamene ana ankanyamuka, pa mbendera iliyonse panali anthu atakhala kale pamzere, ena atapinda matumba opanda kanthu m'khwapa. Ntchito yanga yonse inathera pomwepo. Palibe mwana amene anayang'ana mapu, onse ankangothamangira kumene akuona gulu. Ahedi akuti mpikisano unayenda bwino kwambiri chifukwa palibe amene anasochera.

Anthu aja anaona ana akufika wefuwefu, kudinda khadi, n'kuthamanganso. Anadikira. Pofika masana mizere inayamba kutha yokha. Palibe amene ananditukwana, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero.

A Amosi anali pa mbendera ya kudambo, atavala malaya awo a kutchalitchi. Nazale anaisiya osathirira m'mawa wonse, ndipo ndamva kuti kapitawo wa pa esiteti anawakalipira pamaso pa ana awo. Nditafika kudzazula mbendera ndinawapeza ali okha. Anaizula ndi iwo, anaisansa dothi, anandipatsa ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo aphunzitsi. Dzina langa sanalitchule. Chiyambire tsiku limenelo sanabwerenso, ndipo dzulo atandiona kumjigo anapatukira njira ya m'munda.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa Kalekeni mukawaone mayi awo a Amosi, a Emmie, amene amakhala kumbuyo kwa chigayo. Mukamve ngati alembedwa chaka chino, ngati munda wawo wasosedwa, ndi ngati denga lafoleredwa mvula isanagwe. A Amosi salemba makalata, ndipo za kwawo amazimva mwa apo ndi apo, akakumana ndi wobwera kumene. Mayiwo musakawalonjeze kalikonse, ndipo chonde popita musanyamule pepala.

Mundilembere msanga zimene mukaone, kaya zabwino kaya zoipa. Sindingapite pakhomo pa a Amosi chimanjamanja kukapepesa bodza limene sindinanene. Koma ndikafika ndi uthenga wa mayi awo, sangandimvere ndili chiimire, adzayenera kundipatsa pokhala.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi akazi awo, ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ndili ndi anzanga ambiri. Zinazi zikhale za inu ndi ine.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Lemani