Tepi ya Apongozi

Lachitatu. Kwatentha, ndipo fumbi la jipisamu landitsamwa pakhosi.

Tsiku lonse ndinali ku Machinjiri, kumata mipata ya siling'i m'nyumba yatsopano ya apongozi anga. Ndinawauza bwinobwino kuti agule tepi ya pepala. Iwo abwera ndi ya neti, akuti wa kuhadiweya wawauza kuti ndi yamakono, imamatirira yokha. Kumatirira imamatiriradi, koma m'makona siipindika bwino. Malata akadzayamba kuthetheka ndi dzuwa la Okutobala, mng'alu udzatulukira pomwepo.

Ndinangoti, "Bambo, ya pepala ija ikanakhala bwinoko." Anandiyang'ana n'kufunsa, "Akamwini, mukuti ndagula zolakwika?" Ndinati ayi. Akanakhala kasitomala wamba ndikanatsika pamakwerero n'kumapita.

Ndinaimbira mkazi wanga. Akuti ndisawakhumudwitse bambo ake, ndingomata. Ndamata. Mpaka kuweruka apongozi anali pansi kundigwirira makwerero, akuuza aliyense wodutsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mmisiri weniweni.

Siling'i imeneyi ndi ya pabalaza. Khirisimasi iliyonse ndizidzakhala pansi pake, achibale onse maso ali kumwamba.