Nkhope ya Amayi pa Chimbale

Amake Luntha,

Ndathamangira ku Biwi, kusitolo ya a Mackson, kukatenga zimbale zina. Mukabwera kuchokera kumsika musazimitse makina ali pabalazawo, akujambula.

Pepani, dzulo ndinalakwitsa. Tepi ija ya 2003, yomwe amayi a Mvano anaimba pa TV, ndinafuna kuti ilowe yonse pa chimbale chimodzi, maola asanu ndi limodzi, nkhani ndi mpira womwe. Inalowadi, koma zithunzi zatuluka zachimbuuzi. Malemu amayi anu anaima mzere wakumbuyo, ndipo pamene pali nkhope pakungooneka duku loyera. Ndawazindikira ndi dzanja lokha, mmene ankaligwedezera poimba.

Ndiye ndayambiranso pa chimbale chomwe chinatsala. Ndasankha kajambulidwe ka ola limodzi, kamene kamaonetsa bwino, ndipo ndikuikapo kwaya yokha. Mpira wa achimwene anu udikire, zigoli zake akuzidziwa kale.

Nyimbo yachitatu ikatha, dinani batani lomwe ndamatapo kapepala kuti makina asiye kujambula. Musabwezenso tepi m'mbuyo. Yayamba kutafunika, ndipo sindikudziwa ngati ingapirire kachitatu. Mulungu akalola, Loweruka tikachoka kuchiliza cha amayi anu, abale adzawaona bwino.

Zikomo pondisiyira tiyi m'fulasiki. Ndakuikirani mpando pafupi ndi TV. Pa nyimbo yachiwiri kamera imafika pa amayi anu, ndipo akumwetulira. Ine ndinaona dzulo pa tepi, sindinakuuzeni. Lero khalani pansi muwaone nokha.

Atate a Luntha