Rede ya pa Chulu

Lolemba, 3 Novembro

Mvula yoyamba. Fumbi lagona, anthu onse kuminda ndi mbewu. Ine pa chulu cha kuseri kwa shikola, foni m'mwamba ngati wotsatsa nkhuku. Rede ya foni imagwira pokhapo, ndiponso ndi ya ku Malawi.

Imelo ya a Nicolau a ku Beira, amene amasunga pulogalamu yathu yaulere yowerengera manota a ana. Akuti zigamba salandiranso pa imelo, aliyense atsegule konta pa tsamba latsopano la pa intaneti. Zaka zonsezi ndikapeza cholakwika m'pulogalamu ndimakonza, chigambacho ndimachiika mu imelo, imelo imadikira m'foni mpaka ndikwere chulu, n'kupita yokha. Sinandikanepo. Tsambalo limafuna rede yosaduka. Wawapatsa nzeru imeneyi ndani?

Lachitatu, 5 Novembro

Ndadziwa. Sérgio, wophunzitsa informatika, za makompyuta, ku Ulongwe, amene walowa m'gulu lathu lokonza pulogalamuyi dzulodzuloli. Walembera gulu lonse kuti tsamba ndi labwino, chilichonse chimaoneka poyera. Labwino kwa iye, wokhala pansi pa antena. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chigamba changa chatha. Pulogalamu ikapeza 9,5 ikumatsitsa kukhala 9 m'malo mokweza kufika 10, mwana wokhoza n'kulembedwa wolephera. Ndinachigwira ndine, ndakonza ndine. Ndikufuna dzina langa likhalepo. Si kunyada. Kuno ndani amadziwa kuti Efigénia amatha china kupatula choko?

Loweruka, 8 Novembro

Chapa, kaminibasi ka ku Ulongwe, thumba la batata la mwini wake pa miyendo panga njira yonse. Sérgio wanditsegulira konta, waulemu mpaka kukayikitsa, kunditchula mana ngati ndine mlongo wake. "Khalani apa, mana, mpando wabwino ndi uwu." Ndikulemba senya, mawu achinsinsi olowera, anayang'ana kudenga, koma maso a mnyamata ameneyu ndi othamanga. Chigamba anachiwerenga kawiri, akuti n'chokongola, n'kupempha kope. Ndinampatsa. Tisanachikweze magetsi anazima, ndinati ndikamalizira kwathu.

Madzulo pa chulu, tsamba linatseguka pang'onopang'ono, kenaka mawu ofiira: konta yatsekedwa. Konta ya m'mawa womwewu. Amadziwa za iyo ndife awiri.

Lachinayi, 13 Novembro

Chigamba chalowa m'pulogalamu. Ndaona mutu wokha wa uthenga rede isanathawe, dzina lili pamenepo ndi la Sérgio.

Sindinadye. Ana ndawakalipira popanda chifukwa, Rita mpaka kulira. Ndiye anali mapulani: kuchotsa imelo, kunditsekera kunja, kutola zanga. A Nicolau nawo chete, anthu amene kale ankayamba ndi kufunsa za mwendo wa amayi asanafike pa ntchito. Tsambalo lilibe pofunsira za mwendo wa munthu.

Lachisanu, 14 Novembro

Ndalembera gulu lonse, pa imelo, njira yanga yakale. Ndamutchula dzina. Ndalemba kuti wakuba, kuti anandibera senya, kuti aphunzitsi a m'tauni amationa ife akumudzi ngati makwerero. Ndadina kutumiza ndili m'khitchini. M'nyumba mulibe rede, ndiye ili m'foni, ikudikira.

Mvula tsiku lonse, njira ya ku chulu matope okhaokha. Mwina ndi bwino. Amayi amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiyambe ndapita ku misa, ndikaone ngati ndiifufute kapena ipite.

Lamulungu, 16 Novembro

Ndilembe mwadongosolo, mutu sukugwira.

Potuluka misa ku Fonte Boa, Sérgio pa geti, njinga yamoto matope mpaka pa mpando. Akuti wakhala akundiimbira sabata yonse osandipeza. Anatsegula kompyuta yake pansi pa mtengo. M'kati mwa chigamba, pa mzere wa wolemba: Efigénia. Lake lili pa mzere wa wotumiza basi. "Ndinaona mapauta a zotsatira za ana ayandikira, mana, ndinati ana asalephere chifukwa cha konta."

Za konta anafunsa kwa eni tsamba. Akuti makina anaona munthu mmodzi akulowa m'mawa ali ku Mozambiki, madzulo ali ku Malawi, n'kuganiza kuti ndi mbala. Chulu changa chomwe. Ine kukayikira munthu, makina akukayikira ine. Tinaseka mpaka masisitere kutembenuka. Wapemphanso a Nicolau kuti a kumalire tizitumizabe pa imelo, iye azikweza pa tsamba, ndipo avomera.

Mtima unapepuka moti ndinaiwala zonse. Anati tiyeni pa chulu pomwepo tikatsegule kontayo, akaone nawo Malawi wangayo. Ndinakwera njinga. Pamwamba ndinakweza foni monga mwa nthawi zonse, inanjenjemera m'dzanja, ndipo ndi pamene ndinakumbukira imelo ija. Yake inalira m'thumba.

Anawerenga ataimirira, mpaka pansi. Ine kuyang'ana chimanga chongomera kumene. Sanakweze mawu. "Tiyeni titsegule kaye konta yanu, a pulofesola." Osatinso mana.

Konta yatseguka, ikugwira bwinobwino. Chakudya anakana, akuti mvula ingamutsekere njira. Kumwamba kunalibe mtambo.

Yopepesa ndailemba kale, ya kwa gulu lonse. Ili m'foni, ikudikira chulu. Koma ya kwa iye mwini siyoyenda pa rede. Chapa yoyamba mawa, ngati adzanditsegulire chitseko.